Kalasi ya kujambula usiku, sabata yoyamba: mafunso ndi zithunzi zathu

Mphunzitsi: Moni nonse amene mwalowa kalasi ino. Vidiyo yoyamba ndaika kale, koma ndikudziwa kuti ambiri mufunsa kuno musanaionere, ndiye ndifotokozeretu ntchito ya sabata ino. Sitiyamba ndi nyenyezi. Dzuwa likalowa, dikirani mphindi 20 kapena 30, nthawi ya chisisira ija, kumwamba kukadali kobiriwira koma magetsi atayaka kale. Sankhani malo amodzi, kamera ikhale pa chinthu chosagwedezeka, muiike pa M, pamene manambala onse mumasankha nokha. ISO (mlingo umene kamera imakwezera kuwala kumene kwalowa) 100, aperture (kukula kwa bowo la lenzi) f/8. Mujambule katatu malo omwewo, muzisintha shutter yokha, kutalika kwa nthawi imene kamera imalowetsa kuwala: sekondi 1, masekondi 4, masekondi 15. Potumiza, lembani manambala onse pansi pa chithunzi chilichonse. Chithunzi chobwera chopanda manambala ndichidumpha, chifukwa ine sindili nanu komweko, ndipo popanda manambalawo ndizingolosera.

Chiphaniphani: Aphunzitsi, ine chinandilowetsa muno ndi mlalang'amba, uja timauona pa Instagram utayala kumwamba konse. Zoti tiyambe ndi magetsi a mumsewu zandifoola nkhongono.

Mleme: Funso langa ndi la tripod, chamiyendo itatu choimikapo kamera chija. Ndilibe. Ndiyambe ndaima kaye mpaka nditagula?

Gogo wa Kamera: Musaime achimwene. Khoma lalifupi, mwala, tebulo, denga la galimoto imene injini yazimitsidwa, zonsezi zimagwira ntchito. Thirani mchenga m'kathumba kansalu, kamera muikhazike pamenepo, mutha kuipendeketsa mmene mufunira. Chachikulu n'chakuti musadine batani ndi chala kamera n'kujambula pomwepo. Ikani timer ya masekondi 2, dinani, chotsani dzanja. Ndipo mukadzagula tripod musathamangire yopepuka kwambiri, kamphepo kakangodutsa imanjenjemera.

Mphunzitsi: Agogo anena zoona. Ndionjezere chimodzi: kamera ikakhala pa chinthu chokhazikika, zimitsani stabilisation, mbali ija imene imathetsa kugwedezeka kwa dzanja. Pa Canon amalemba IS, pa Nikon VR, pa malenzi a Sony OSS. Pa malenzi ena, makamaka akale, imapitiriza kufunafuna kugwedezeka komwe kulibe, ndiye imadzetsa kugwedezekako yokha.

A Chiphaniphani, mlalang'amba tifikako sabata yachitatu. Chifukwa chake n'chakuti kuthengo kwa mdima bii simuona mabatani a kamera yanu, simudziwa ngati focus yagwira, ndipo chithunzi chikalakwika pamakhala zifukwa zisanu nthawi imodzi. Pa chisisira chifukwa chimakhala chimodzi kapena ziwiri, ndiye munthu amaphunzira msanga.

Nthanda22: Pepani, ine ndine wa foni yokha. f/8 ndiipeza pati? Mu Pro mode muli ISO ndi shutter basi.

Mphunzitsi: Simuipeza achemwali. Mafoni ambiri aperture yake siisinthika, imakhala cha pa f/1.8. Bowo limeneli limalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 20 kuposa f/8, ndiye mukatsatira manambala ndapereka aja zithunzi zonse zituluka zoyera mbee. Inu ikani ISO yotsikitsitsa imene foni ikulola, 50 kapena 100, shutter ikhale 1/15, kenako 1/4, kenako sekondi 1. Phunziro ndi lomwelo.

Kalulu: Koma tinene chilungamo, foni pa kalasi ya usiku ndi kutaya nthawi. Sensor yake, kachipangizo kolandira kuwala kaja, ndi kakang'ono ngati chikhadabo. Zimene mumati Night mode zija ndi kompyuta ya m'foni ikukupenterani chithunzi.

Nthanda22: Ndiye ndituluke?

Gogo wa Kamera: Mutuluke kupita kuti? A Kalulu, pa sensor mwanena zoona, koma pa Night mode mwapitirira. Chimene foni imachita ndi kujambula zithunzi zambiri zifupizifupi n'kuziphatikiza kuti timadontho ta noise tichepe. Ndi zomwezo zimene inu mudzachite pa kompyuta ndi pulogalamu ya Sequator kapena DeepSkyStacker, kungoti foni imachita yokha. Google anaika mode ya nyenyezi pa Pixel 4 mu 2019, imajambula mpaka mphindi 4 foni ikakhala phee. Chaka chomwecho iPhone 11 inabwera ndi Night mode, ndipo ikazindikira kuti siikugwedezeka imalola mpaka masekondi 30. Mlalang'amba umaoneka ndithu pa zithunzi zimenezo.

Kalulu: Umaoneka pa sikirini ya foni. Muukuze pa kompyuta muone phala lake.

Mphunzitsi: Nonse muli ndi mbali yanu. Chithunzi cha foni sichipirira kukuzidwa ngati cha kamera ya sensor yaikulu, izo n'zoona. Koma sabata ino tikuphunzira kukhazika chojambulira phee, kusankha nthawi, ndi kuona zimene shutter imachita. Zimenezi foni imaphunzitsa bwinobwino. Achemwali, chokhacho n'chakuti pa ntchito ya kalasi musagwiritse Night mode, chifukwa imasankha manambala yokha ndipo inu simudziwa chimene chachitika.

Mleme: Ndajambula, ndatumiza zitatu pamwambapa. Cha sekondi 1 chada kwambiri, cha 4 chikuoneka bwino, cha 15 kumwamba kwayera. Koma zonse zili mbuu, palibe chakuthwa. 18mm, f/8, ISO 100.

Mphunzitsi: Manambala mwalemba bwino, zikomo. Koma mwatumiza ngati chithunzi wamba, ndiye WhatsApp yachifinya n'kuchotsanso EXIF, uthenga uja kamera imalemba mkati mwa fayilo. Nonse tamverani: muzitumiza ngati document. Ndikatsegula ndizitha kuona ndekha lenzi, shutter, ngakhale nthawi imene munajambula.

Komabe ndi chofinyidwa chomwechi ndikuona kanthu. Yang'anani getsi la pakona lija. Kamera ikadagwedezeka, likadaoneka ngati kamzere kapena likadakhala pawiri. Lanu ndi lozungulira bwinobwino koma lotupa. Imeneyo ndi focus.

Mleme: Inali pa auto. Lenzi imangopita uku ndi uku, kenako inajambula.

Mphunzitsi: Ndi khalidwe lake kukada. Autofocus imafuna malire ooneka bwino pakati pa chowala ndi chakuda, ikawasowa imangosakasaka. Chitani izi. Tembenuzani lenzi ikhale pa MF, kuti focus muzipotoza nokha. Yatsani live view, kuti muziona pa sikirini zimene kamera ikuona. Lozani getsi lakutali kwambiri limene mukuliona, dinani batani lokuzira mpaka ka 10, ndiye muzipotoza mphete ya focus pang'onopang'ono. Getsilo lizichepa, lizichepa, kenako liyambanso kutupa. Bwererani pamene linali kadontho kakang'onong'ono, musiye pomwepo. Ena amamatapo tepi kuti isasunthe. Musakhulupirire chizindikiro cha ∞ pa lenzi, ndipo musangopotoza mpaka mphete itaima, chifukwa malenzi ambiri a masiku ano amapitirira pamene pali focus yakutali. Mukasintha zoom, muyambirenso. Tikadzafika ku nyenyezi njira ndi yomweyi, kungoti mudzaloza Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, kapena Jupiter akakhalapo.

Chiphaniphani: Ine sindinapirire aphunzitsi kkkk. Ntchito ya chisisira ndachita, koma kutada ndinalozanso kumwamba. Canon, lenzi ya 18-55 ija imabwera ndi kamera, ndinaika pa 18mm, f/3.5, ISO 1600, masekondi 30. Nyenyezi zatuluka, koma ndikakuza zonse ndi timizere tifupitifupi. Tripod yanga ndi yolimba, timer ndinaika.

Gogo wa Kamera: Timizereto tonse taloza mbali imodzi?

Chiphaniphani: Eya agogo.

Gogo wa Kamera: Ndiye tripod musaiimbe mlandu. Dziko ndi limene layenda. Limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo pa masekondi 30 kamera imaona kale kusunthako. Pali lamulo lakale la 500: tengani 500, gawani ndi focal length, nambala ya mm ya lenzi ija, yankho lake ndi masekondi amene shutter isapitirire. Koma lamuloli ndi la kamera ya full frame, ya sensor yaikulu. Yanu ndi ya sensor yaying'ono, ndiye 18 ija muyambe mwaichulukitsa ndi 1.6, poti ndi Canon. Zikupatsani pafupifupi 29. Tsono 500 kugawa ndi 29 ndi masekondi 17. A Nikon ndi Sony amachulukitsa ndi 1.5.

Kalulu: Lamulo la 500 linatha ntchito agogo. Linali la nthawi ya filimu. Pa sensor ya 24 megapixel masekondi 17 timizere tioneka ndithu mukakuza. Pali lamulo lina la NPF, limawerengera kukula kwa pixel ndi aperture, lili mu pulogalamu ya PhotoPills. Pa lenzi imeneyo ikupatsani zochepa kuposa pamenepo.

Gogo wa Kamera: Sindikana. Koma ndani amaona chithunzi chake atachikuza mpaka pixel? Mukafupikitsa shutter kwambiri pa lenzi ya f/3.5, nyenyezi zikhala zozungulira bwino koma chithunzi chida, noise ichuluka. Penapake uyenera kulolera.

Mphunzitsi: Mkangano uwu ndaukonda, ndipo sindiuthetsa. A Chiphaniphani, yesani nokha: masekondi 10, 13, 15, ISO 3200, mutumize zonse tione pamene maso anu akulolera. Ine pa lenzi imeneyo ndimayambira pa 15 ndikutsika.

Nthanda22: ISO 3200 siiononga chithunzi? Mu vidiyo ina pa YouTube amati osapitirira 800.

Mphunzitsi: Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa chiphunzitso chimenechi chasocheretsa anthu ambiri. Gwero lalikulu la noise ndi kuchepa kwa kuwala kofika pa sensor. Kuwala kumalowa ndi zinthu ziwiri zokha: kukula kwa bowo la lenzi ndi kutalika kwa nthawi imene shutter yatseguka. ISO siionjezera kuwala, imangokweza zimene zalowa kale. Ndiye ngati bowo mwatsegula mpaka pothera, shutter mwafika pamalire a nyenyezi, kutsitsa ISO kufika 800 sikuchotsa noise. Mungopeza chithunzi chakuda, ndipo mukachiwalitsa pa kompyuta noise yomweyo ituluka, pa makamera ena yoipirapo, ya mizeremizere ndi mitundu yachilendo m'malo akuda. Langizo la ISO yotsika ndi loona pamene muli ndi ufulu wotalikitsa shutter, monga pojambula nyumba kapena mlatho umene suthawa. Pamenepo inde, ISO 100, ndipo dikirani ngakhale masekondi 30. Pa nyenyezi ufulu umenewo mulibe.

Mankhwala enieni a noise pa nyenyezi ndi kuphatikiza zithunzi. Mukajambula 4 zofanana n'kuziphatikiza, noise imatsika ndi theka. Mukajambula 16 imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Sequator ndi yaulere pa Windows, a Mac ali ndi Starry Landscape Stacker. Imeneyi ndi nkhani ya sabata yachinayi, koma yambani pano kujambula RAW, fayilo imene imasunga zonse zimene sensor yaona, kapena RAW pamodzi ndi JPEG. JPEG ndi yotumiza kuno, RAW muzisunga.

Mleme: Ndabwereza ndi MF, ndatumiza ngati document. Iii kusiyana kwake! Mpaka njerwa zikuwerengeka. Komanso getsi lija latulutsa minga ngati nyenyezi, ndalakwitsa china?

Gogo wa Kamera: Simunalakwitse, ena amachita kufuna zimenezo. Zimachokera ku timasamba totseka bowo la lenzi, ndipo zimakula mukamachepetsa bowo, f/11, f/16. Werengani mingayo. Lenzi ya timasamba 7 imatulutsa 14, ya timasamba 8 imatulutsa 8 yokha.

Mleme: Ilipo 14. Koma ndiye eee.

Mphunzitsi: Chabwino kwambiri achimwene. Poti muli pafupi ndi msewu, ntchito yoonjezera: kukada pang'ono, f/11, ISO 100, masekondi 15 mpaka 20, mudine galimoto isanalowe m'chithunzi. Galimotoyo siioneka, mutsala mizere yofiira ndi yoyera ya magetsi ake. Imani pamalo poti madalaivala akuoneni, osati m'mphepete mwenimweni mwa tala.

Kalulu: Ine ndikufuna kugula 50mm f/1.8 ya nyenyezi. Imalowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa f/3.5. Alipo akutsutsa?

Gogo wa Kamera: Masamu ake ndi oona, koma mwawerenga mbali imodzi. 50mm pa sensor yaying'ono ili ngati 75 kapena 80. Ndi lamulo lomwe mumalinyoza lija, mwatsala ndi masekondi 6, ndipo ndi NPF yanu ochepera pamenepo. Zambiri zimene mwapindula ku bowo mwabweza ku shutter. Komanso imaona kachigawo kakang'ono ka thambo, mlalang'amba sukwanamo pamodzi ndi mtengo kapena phiri la kutsogolo. Ndi lenzi yabwino ya anthu ndi ya mumsewu usiku, ndipo gulu la nyenyezi la Orion imalijambula mokongola. Koma ngati cholinga ndi thambo lonse, anthu amafuna 14mm mpaka 24mm ya f/2.8 kapena yotseguka kuposa apo.

Mphunzitsi: Ndipo ndikupempha kuti wina asagule kanthu kalasi ino isanathe. Mukamaliza masabata onse mudzadziwa chimene chikukutsekerezani, ndipo mwina sichidzakhala chimene mukuganiza lero.

Nthanda22: Zanga ndatumiza. Cha 1/4 ndi chimene chandisangalatsa. Koma funso lina: mwezi. Ndikaujambula umangotuluka chibulu choyera chopanda maonekedwe, pamene ndi maso ndikuona mawanga ake bwinobwino.

Mphunzitsi: Cha 1/4 chilidi bwino, ndipo mwachita nzeru kuika mtengo uja kutsogolo. Za mwezi: kamera imaona mdima wonse wouzungulira n'kuganiza kuti pakufunika kuwala kwambiri. Koma mwezi ndi mwala umene dzuwa likuuwomba, uyenera kujambulidwa ngati chinthu cha masana. Pa kamera poyambira ndi f/11, ISO 100, shutter 1/100 kapena 1/125. Pa foni, ISO yotsikitsitsa ndi shutter yachangu kwambiri, 1/1000 kapena kuposa, muzisintha mpaka mawanga aoneke. Musayembekeze kuti ukula. Mwezi umatenga theka la digiri yokha kumwamba. Ngakhale pa lenzi ya 300mm, pa sensor umakhala wosakwana mamilimita atatu.

Gogo wa Kamera: Ndipo mwezi wathunthu ndi umene umatuluka wosakoma kwambiri, kuwala kumauwomba chamaso ndiye palibe mithunzi. Ujambuleni uli theka. Pamalire a mbali yowala ndi yakuda maenje ake amaoneka ngati ungawagwire.

Chiphaniphani: Ndiye mlalang'amba ndi mwezi zimayendera limodzi bwanji? Ndikufuna ndikonzekeretu sabata yachitatu.

Mphunzitsi: Sizigwirizana. Mwezi ukawala, mlalang'amba umafufutika. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ubwerere pamene unali, ndiye mwezi uliwonse muli ndi masiku angapo a mdima weniweni, kapena maola amene mwezi sunatuluke kapena walowa kale. Chachiwiri, chisisira chithe kaye. Akatswiri a zakuthambo amati kwada zenizeni dzuwa likatsika madigiri 18 pansi. Kufupi ndi equator zimenezi zimatenga ola ndi mphindi zochepa, koma kutali ndi equator m'nyengo yotentha zimachedwa kwambiri, kwina sikuda n'komwe. Chachitatu ndi nyengo. Pakati pa mlalang'amba, powala kwambiri paja, pali cha ku gulu la nyenyezi la Sagittarius, ndipo pamaoneka kuyambira cha mu March mpaka October. Mu December dzuwa limakhala mbali yomweyo, ndiye musavutike. Amene ali kumwera kwa equator amapaona pamwamba penipeni mu June ndi July, akumpoto amapaona chapansi. Tsitsani Stellarium, ndi yaulere pa kompyuta, muike malo anu ndi tsiku, ikuonetsani thambo la usiku umenewo.

Kalulu: Mwaiwala magetsi a m'tauni. Pali sikelo ya Bortle yoyezera mdima wa thambo, John Bortle anaitulutsa mu 2001 m'magazini ya Sky & Telescope, imayambira 1 kukafika 9. Pa 1 ndi mdima wa ndiweyani, pa 9 ndi pakati pa mzinda waukulu. Mukakhala pa 7 kapena 8 musadzivute, mujambula thambo lachikasu basi. Pa 4 kutsika m'munsi ndiye pali nkhani.

Mphunzitsi: Zikomo a Kalulu, apa mwathandiza. Amene simungatuluke m'tauni musadandaule, ndidzakupatsani ntchito ina yojambula dala mizere ya nyenyezi, imatheka ngakhale pali magetsi.

Mleme: Ndajambula mizere ya magalimoto, yatuluka. Koma kamera ikajambula masekondi 20 imakhalanso masekondi ena 20 italemba kuti ili busy. Yawonongeka?

Gogo wa Kamera: Ayi, ndi long exposure noise reduction. Ikatha kujambula, imajambulanso china shutter ili yotseka kwa nthawi yofanana, kuti ipeze timadontho totentha ta sensor n'kutichotsa. Pa chithunzi chimodzi ndi yothandiza. Pa mizere ya nyenyezi muyenera kuizimitsa, apo ayi mizere idzakhala yodukaduka. Ili mu menyu.

Nthanda22: Chinanso, pa sikirini usiku chithunzi chimaoneka chowala bwino, m'mawa ndikachiona chada.

Mphunzitsi: Maso anu anali atazolowera mdima, ndiye sikirini inakunamizani. Tsitsani kuwala kwa sikirini, ndipo phunzirani kuona histogram, kachithunzi konga kaphiri kosonyeza kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi. Ngati kaphiri konse kakanikizika kukhoma lakumanzere, chithunzi n'chakuda kaya maso akuti chiyani. Pa thambo la usiku kaphiriko kachokeko kukhomako, kafike cha pa gawo loyamba mwa magawo atatu kapena anayi. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo tochi yoyera imafafaniza zimenezo kamodzin'kamodzi. Pezani yofiira, kapena kutani yanuyo ndi pulasitiki yofiira.

Gogo wa Kamera: Ndionjeze za mame, poti palibe wafunsa ndipo adzakupezani. Usiku wopanda mitambo galasi la lenzi limazizira kuposa mpweya, mame n'kuterapo. Mumangoona zithunzi zikunka zichita chimbuuzi, inu n'kumalimbana ndi focus. Muziunika galasi ndi tochi nthawi ndi nthawi, ndipo lens hood, chotchinga cha kutsogolo kwa lenzi chija, isachoke ngakhale ndi usiku. Batire nalonso limatha msanga kukazizira, makamaka live view ikakhala yoyaka. Lapadera muzilisunga m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi.

Chiphaniphani: Ndatumiza za 10, 13 ndi 15, zonse ISO 3200, f/3.5. Kwa ine cha 13 ndi chimene chili bwino. Koma thambo latuluka lofiirira.

Kalulu: Cha 10 nyenyezi ndi zozungulira kuposa.

Gogo wa Kamera: Mwachikuza kangati kuti muone zimenezo?

Kalulu: Kkkk ka 200 peresenti.

Mphunzitsi: Khalani pa 13 a Chiphaniphani. Kufiirirako ndi white balance ya auto, pamene kamera imasankha yokha mtundu wa kuwala, pamodzi ndi magetsi a chapafupi. Ikani white balance pa K, pamene mumasankha nambala yake nokha, muyambire cha pa 4000, ndipo ngati munajambula RAW mutha kukonza zomwezi osatulukanso panja. M'makona nyenyezi zatambasuka ngati timapiko, imeneyo ndi lenzi ikatsegulidwa mpaka pothera, siinu. Mukafuna yesani f/4 muone ngati zichepa.

Amene simunatumize zitatu za chisisira mudakali ndi mpaka Lamlungu usiku. Lolemba ndiika vidiyo yachiwiri, ya kuunikira chinthu ndi tochi shutter ili yotseguka. Mupezeretu tochi yaing'ono ndi munthu wokuperekezani, ndipo kwanu adziwe kumene mwapita.

Mleme: Tochi ya foni ikwana?

Mphunzitsi: Ikwana pa zinthu zapafupi. Muikute ndi kapepala koyera, imawala mopitirira.